Poto wofululira mowa: yambani mwafunsa moto wanu

Ofulula masese kumudzi savutika n'kuganiza za kukula kwa chiwiya. Mgolo ulipo, nkhuni zilipo, ndipo akumwa ndi mudzi wonse. Funsoli ndi la munthu wa m'tauni amene wayamba kufulula mowa wa chimera cha balere ndi hops m'khitchini mwake, wongokwanira iye ndi anzake awiri Loweruka madzulo. Akalowa m'sitolo maso ake amathamangira chipoto chachikulu chonyezimira. Ine ndimati abwerere kaye kunyumba akayang'ane chitofu chake.

Kufulula kotereku kudakula kwambiri ku America, Jimmy Carter atasaina lamulo lolola anthu kufulula mowa pakhomo mu 1978. Kumeneko muyezo wozolowereka ndi magaloni 5, omwe ndi malita pafupifupi 19, ndipo malangizo ambiri amalembedwa potengera muyezo umenewo. Woyamba kumene akawawerenga amaganiza kuti popanda poto wa malita 30 kapena 40 palibe mowa. Si zoona. Malita 5 amakomanso chimodzimodzi, ndipo akakanika kukoma sutaya chimera cha ndalama zambiri.

Koma mowa wa malita 5 sufululidwa m'poto wa malita 5. Madzi a chimera amayenera kubwata ola lathunthu osavundikira, kuti kafungo konga ka chimanga chophika kachoke ndi nthunzi. Pa ola limenelo poto wa m'khitchini amataya lita imodzi kapena awiri, choncho umayamba ndi malita pafupifupi 7. Ndiye pali thovu. Madziwo akatsala pang'ono kuwira, thovu limakwera mwadzidzidzi ngati mkaka woiwalika pamoto, ndipo ukathira hops limadzukanso. Zosefukirazo ndi shuga yekhayekha: zimamata pachitofu, zimapserera, utsi umadzaza nyumba, mawa lake nyerere zafika kudzathandiza kukolopa. Poto wa malita 10 amasiya mpata wakuti uthamange n'kuchepetsa moto zisanatayike. Kunena mwachidule, poto azikula kuwirikiza kawiri mowa umene ukufuna.

Pali njira ina imene anthu a ku Australia adaitchukitsa, yoika chimera chonse m'thumba la nsalu yopyapyala n'kuliviika m'poto womwewo kwa ola, madzi ali pa madigiri 65 mpaka 68, kenako n'kulitukula. Imachepetsa ziwiya, koma imafuna malo. Kilogalamu imodzi ya chimera imadya malo opitirira theka la lita, ndipo potuluka imanyamula madzi oyandikira lita. Pa mowa wa malita 5 uthira madzi ngati malita 8 ndi chimera chopitirira kilogalamu pang'ono. Apa poto wa malita 10 wadzaza mpaka m'khosi, sungavundule bwino. Wa malita 12 ndiye woyenera.

Nanga bwanji osangogula wamkulu kamodzin'kamodzi, poti mawa ungafune kufulula wambiri? Maganizo amenewa ndi amene amadzazitsa ziwiya pamwamba pa kabati. Hotipuleti ya mawati 2,000 imatenga ola kapena kuposerapo kuti malita 20 angofika powira, ndipo apo n'kuti magetsi sanathime. Ikafikapo nthawi zambiri imangonyeng'enyeza madzi, osabwatitsa. Mbaula ili ndi ukali poyamba, koma makala akayamba kugona moto umatsika, ndipo kutula chipoto chodzaza madzi owira kuti uwonjezere makala ndi kuputa ngozi. Malita 25 ndi makilogalamu opitirira 25, otentha, ogwedezeka, pa zogwirira ziwiri zomwe sudziwa kuti adaziwotcherera bwanji.

Kuthira mowa wochepa m'chipoto chachikulu nakonso sikuthandiza. Kuchuluka kwa nthunzi kumatsata kutambalala kwa kamwa la poto ndi mphamvu ya moto, osati kuchuluka kwa zamkati. Malita 7 akayalana pansi pa poto wa malita 40 amaphwa msanga, otsalawo n'kukhala ochepa ndi a shuga wambiri kuposa mmene unafunira. Mapoto awiri akafanana malita, tenga wamtali wopapatiza, bola akhazikike bwino pamoto wako.

Chimene ambiri saganizira n'kuziziritsa. Yisiti sathiridwa m'madzi otentha. Madziwo ayenera kutsika kufika madigiri ngati 20, ndipo msanga, tizilombo tina tisanalowemo n'kusasitsa mowa. Poto wa malita 10 amalowa m'beseni la madzi ozizira, n'kumangosintha madziwo akafunda. Mu Okutobala, pamene a pampopi omwe amatuluka ofunda, uwonjezera mabotolo a madzi oumitsa mufiriji. Poto wa malita 30 salowa m'beseni lililonse la pakhomo, ndipo ndalama iyamba kupitanso ku mapaipi oziziritsira.

Za chitsulo sizivuta. Chosachita dzimbiri n'chabwino koma n'chodula. Aluminiyamu amagwira ntchito, ungoyamba wawiritsiramo madzi okha. Chokhacho, asakhale poto wophikira usipa kapena nyemba zamafuta, chifukwa mafuta otsalira amapha thovu la mowa m'tambula.

Musanagule chimera, thirani madzi m'poto wanu lita imodziimodzi, mukulemba kamzere pamthiko watsopano pa lita iliyonse. Muwiritse ola limodzi pamoto womwe muzidzafululira, muviikemo mthikowo. Mizere imene yatsala pamtunda ndiyo madzi amene muzidzawonjezera nthawi zonse.