Chenjezo: Mawaya Asakuthereni Mano

Makolo ndi achinyamata amene mwaikitsa mawaya owongola mano, mabulesi aja, tcherani khutu. Mano akhoza kuwongoka bwinobwino koma n'kutuluka m'mawayamo ataperepeseka. Chikuto cholimba cha dzino, chimene madokotala amachitcha enamel, chikatha sichimeranso. Fupa lothyoka limalumikizana, koma chikutochi chikapita ndiye chapitiratu.

Choopsa choyamba ndi asidi. Chikutochi chimayamba kusungunuka mlingo wa pH, umene umatsika asidi akachuluka m'kamwa, ukatsika kupitirira 5.5, chonsecho zoziziritsa kukhosi zambiri za m'mabotolo zili cha m'ma 2.5 mpaka 3.5. Madzi a mandimu, malambe ndi bwemba nawonso ndi owawasa kwambiri. Tizitsulo tomatidwa pa mano timakola zotsalira za chakudya, ndipo mwana akamazemba mswachi, pakangotha mwezi umodzi mozungulira kachitsulo mukhoza kuoneka timawanga toyera ngati choko. Kumeneko ndi kuyamba kwa kubooka kwa dzino.

Chachiwiri ndi kukhulana. Tizidutswa ta ceramic tomatidwa m'malo mwa tizitsulo, timene ambiri amatikonda poti sitionekera patali, ndi tolimba kuposa dzino lenilenilo. Tikamatidwa pa mano a m'munsi, nsonga za mano a m'mwamba zimadyeka nthawi iliyonse munthu akatseka pakamwa. Kwa amene amakukuta mano kutulo, kudyekako kumafulumira. Mukamva dzino likugunda kachitsulo, kapena likuwawa mukamwa madzi ozizira, musadikire tsiku limene munapangana ndi adokotala. Pitani msanga.

Mawaya akachoka, nkhondo siinathe. Popala guluu wotsalira, dzino limataya kachikuto pang'ono ngakhale wopalayo akhale katswiri, nanga kuli bwanji wosaphunzira? Musalole aliyense kukumatani kapena kukuchotsani mawaya ngati sanalembetsedwe ndi Medical Council of Malawi. Kapulasitiki kogwira mano kamene mumapatsidwa pomaliza muzikavala monga mwauzidwira, chifukwa mano amabwerera mwakale n'kuyamba kulumana molakwika. Koma osamwa zotsekemera mutakavala: kamasunga asidi pa dzino kwa maola.

Walira mvula walira matope. Wofuna mano owongoka avomerenso mwambo wake. Tsukani mano kawiri pa tsiku, mphindi 2, ndi mswachi wofewa komanso mankhwala okhala ndi fluoride. Mukadya zowawasa, chukuchani m'kamwa ndi madzi, ndipo dikirani mphindi zosachepera 30 musanagwire mswachi. Makala, phulusa ndi mchenga sizotsukira mano. Lekani kusenda mzimbe, kukukuta chimanga chokazinga ndi kutsekula mabotolo ndi mano.

Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019, ndipo mpaka pano ndi ochepa. Kukonza dzino lodyeka kumadula komanso kumabwerezedwa moyo wonse. Makolo, usiku uno muyang'ane m'kamwa mwa mwana wanu pamalo owala, ndipo mukaona wanga loyera kapena nsonga yodyeka, mawa mupite naye kuchipatala.