Nyota za Slim ndi Thukuta la Akeyala

Munthu akamaŵerenga mbiri ya William Slim, mkulu wa asilikali wa ku Mangalande, maso ake amathamangira pa mndandanda wa maulemu. Slim adabadwira ku Bristol m'chaka cha 1891, ndipo asanaloŵe usilikali adaphunzitsako sukulu ya pulaimale ku Birmingham. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adavulazidwa ku Gallipoli mu 1915, nalandira mendulo ya Military Cross mu 1918. Mu 1949 adakwezedwa kukhala Field Marshal, udindo woposa onse m'gulu la nkhondo la Angerezi, ndipo kuchokera mu 1953 kufikira mu 1960 adali bwanamkubwa wa Australia. Adamwalira mu 1970.

Palibe chifukwa chommanira ulemu munthu ameneyu. Koma ulemuwo uyenera kutamidwa ndi anthu odziŵa kumene udachokera.

Udachokera ku Burma, pa nkhondo yachiŵiri. Mu 1942 Slim adapatsidwa asilikali amene Ajapani adali ataŵathyola kale msana, ndipo ntchito yake yoyamba idali yoŵatsogolera pothaŵira ku India. Sadabise kugonjako, koma adafufuza zifukwa zake. Atapatsidwa gulu lalikulu lotchedwa Fourteenth Army mu 1943, adaona kuti malungo ndi kamwazi zinkagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Motero adalamula kuti msilikali aliyense azimwa mankhwala oteteza malungo tsiku ndi tsiku, ndipo akuluakulu olekerera lamuloli ankaŵachotsa pa udindo. Mu 1944 gulu lakelo lidagonjetsa Ajapani ku Imphal ndi ku Kohima.

Nanga ndani adapirikitsa adaniwo pamene ankathaŵa? Ena mwa iwo adali ana a kuno kwathu. M'gulu la 11th East African Division mudali Akeyala a ku Nyasaland, pamodzi ndi anzawo a ku Northern Rhodesia, Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Iwoŵa adatsika chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, m'matope ndi m'nkhalango zodzaza udzudzu, kaŵirikaŵiri akudalira chakudya choponyedwa ndi ndege. M'mwezi wa Disembala 1944 adalanda Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin. M'mwezi womwewo Slim adapatsidwa ulemu wa Sir ku Imphal.

Nkhondo itatha, njira zidasiyana. Slim adakwerakwerabe mpaka kuloŵa m'Nyumba ya Malodi mu 1960. Msilikali wamba wachikuda adabwerera kumudzi ndi ndalama yothokozera ya mashiling'i atatu ndi theka pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene mzungu wa udindo womwewo adalandira mashiling'i 10. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma thumba la boma la atsamunda lidasankha.

Ena adzati nkhondo siipambanika popanda mtsogoleri wanzeru, ndipo kuti sikutheka kulemba dzina la msilikali aliyense m'buku. Izi n'zoona. Komabe akale adati mutu umodzi susenza denga. Nzeru za Slim zikadathera pa mapu akadapanda kupezeka anthu oŵoloka mitsinje atasenza mfuti ndi katundu. Kutchula mtsogoleri n'kusiya otsogoleredwa ndiko kuphunzitsa theka la mbiri.

Aphunzitsi ali ndi udindo pamenepa. Pophunzitsa za nkhondo yachiŵiri, dzina la Slim litchulidwe pamodzi ndi chigwa cha Kabaw ndi Kalewa. Ophunzira atumidwe kukafunsa kwawo ngati m'banja mudali wina amene adapita ku Burma, chifukwa mamendulo ena ali m'masutukesi akale ndipo zidzukulu sizidziŵa tanthauzo lake. Amene ankayenda m'matope a Kabaw atsala pang'ono kutha onse. Maina awo akapanda kulembedwa ndi zidzukuluzo, palibenso wina adzaŵalembe.