Chiphaso Chikalandidwa: Kodi Ndi Mlandu wa Dalaivala Yekha?

Aliyense amene adaimapo pa chipata cha Kalomwe m'mamawa amadziwa m'mene malowa amakhalira. Malole ochokera ku doko la Beira amandanda kudikira kuolokera ku Dedza, ma chapa amaitanira anthu a ku Ulongwe, ndipo anyamata a njinga zamoto amazungulira ofika kumene ngati njuchi pa duwa. Pakati pa anthu osenza matumba a mbatata ya kachewere tsiku lina tidaonapo bambo wina amene tonse tinkamudziwa ali pa chiwongolero cha lole. Galimoto yake sidaonongeke, ndipo iye sadadwale. Chimene chidamutsitsa pansi ndi chakuti chiphaso chake choyendetsera galimoto, chimene ena timati laisensi ndipo ena timati carta, chidalandidwa kwa kanthawi. Mwezi uno tikufuna tikambirane za chimene chimafikitsa munthu pamenepo, ndiponso za zimene zimatsatira.

Tiyambe ndi lamulo. Malamulo a pamsewu a dziko lathu la Mozambique, otchedwa Código da Estrada, amene adakhazikitsidwa pa 23 Marichi 2011, adagawa zolakwa za pamsewu m'magulu atatu: zazing'ono, zapakati ndi zazikulu. Pa zolakwa zolemera, chindapusa chokha sichikwanira. Wolakwayo akhoza kuletsedwa kuyendetsa galimoto kwa nthawi yoikika, chilango chimene pa Chipwitikizi chimatchedwa inibição de conduzir. Apolisi a pamsewu ndiwo amagwira olakwa, ndipo bungwe loona za ziphaso ndi INATRO, limene lidalowa m'malo mwa INATTER mu 2021. Kutsidya kwa malire, dziko la Malawi lilinso ndi lamulo lake la pamsewu la 1997, limene limalola kuti chiphaso cha munthu chiimitsidwe kapena chithetsedwe. Chomwecho tisamaganize kuti pali mbali ina ya malire kumene munthu angachite zofuna zake pamsewu popanda womufunsa.

Pa zifukwa zimene zimalanditsa chiphaso, choyamba ndi mowa. Malamulo a 2011 aja adanena kuti munthu amene mpweya wake wapezeka ndi mamiligalamu 0.3 a mowa pa lita imodzi, kapena kuposerapo, ndiye kuti akuyendetsa ataledzera. Kwa oyendetsa magalimoto onyamula anthu ndi onyamula katundu woopsa monga mafuta, muyeso wake udaikidwa pa 0.0, kutanthauza kuti ngakhale kachikho kamodzi ka kachasu komwa m'mamawa podzitenthetsa m'nyengo ya chisanu nkoletsedwa. Ambiri amati, "Ine sindiledzera msanga." Koma makina opimira mpweya safunsa za kulimba mutu kwa munthu.

Chachiwiri ndi liwiro. M'malo okhala anthu, liwiro lololedwa kwa magalimoto ang'onoang'ono lidaikidwa pa makilomita 60 pa ola. Msewu wathu wa N304, wochokera ku Mussacama kudzera pa Ulongwe mpaka pano pa Kalomwe, umadutsa m'misika, pafupi ndi masukulu ndi m'midzi momwe ana ndi ziweto zimaoloka nthawi ina iliyonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imaphimba zitunda kotero kuti munthu saona patali. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, kuopsa kwakuti afe kumachuluka kanayi ndi theka poyerekeza ndi yothamanga makilomita 50. Kusiyana kwa makilomita 15 okha kukhoza kukhala kusiyana kwa chipatala ndi manda.

Chachitatu ndi kupitirira galimoto ina pa malo osaoneka kutsogolo, monga pokhota kapena pa chitunda. Sitidaiwale za ngozi ya ku Maluana, m'boma la Manhiça, pa 3 Julayi 2021, pamene basi idawombana ndi lole pa msewu wa N1 ndipo anthu oposa 30 adataya miyoyo usiku umodzi. Palinso kuyankhula pa foni uku galimoto ikuyenda, kumene WHO imati kumachulukitsa ngozi pafupifupi kanayi. Zina ndi kudzaza anthu kapena katundu mopitirira muyeso, ndiponso kuthawa pa malo a ngozi kusiya wovulala ali kwala.

Tsono apa ndi pamene tikufuna tidzifunse tokha. Timakonda kuloza chala dalaivala, koma zala zitatu zimatsala zikuloza ife. Ndani amene amafuula m'galimoto kuti, "Achimwene, pondani moto, msika wa Lizulu utithera"? Ndani amene amakakamira kukwera ngakhale akuona kuti malo atha? Nanga mwini galimoto amene amalamula kuti madzulo alandire ndalama zakutizakuti, kaya kuli okwera kaya kulibe, sakudziwa kodi kuti akuuza wantchito wake kuti athamange? Wamalonda amene amaonjezera matumba khumi pa lole yodzaza kale pofuna kupulumutsa mtengo wa ulendo wachiwiri, iyenso ali ndi gawo lake. Ngakhale pa maukwati athu, alipo amene amapatsa dalaivala botolo monga chithokozo, chonsecho munthuyo ali ndi ulendo wobweza alendo usiku. Tsiku la mlandu likafika, dzina lolembedwa pa kalata ya apolisi limakhala limodzi lokha, ndipo ena tonsefe timasamba m'manja.

Zotsatira zake n'zowawa. Kwa munthu amene amadyera pa chiwongolero, chiphaso ndi khasu lake. Chikalandidwa, ntchito imathera pomwepo, pakuti mwini galimoto sangaiimike miyezi ingapo kudikira munthu mmodzi. M'mawa mwake amapereka makiyi kwa wina. Chindapusa chiyenera kulipidwa nthawi yomweyo imene ndalama zaleka kulowa. Ngati galimotoyo inali ya ngongole, okongoza sadziwa za chilango, amangofuna zao. Mayi wa pakhomo amayamba kugulitsa chimanga chimene chidasungidwira mwezi wa Febuluwale, feteleza wa chaka chimenecho sagulidwa, ndipo mwana amene amaphunzira ku sekondale ku Ulongwe amabwerera kumudzi. Alimi amene ankadalira lole ija kuti mbatata ndi kabichi zao zifike ku Tete amazigulitsa pa mtengo wolira kwa aliyense wobwera. Kwa oyendetsa malole odutsa malire, mbiri imayenda msanga kuposa galimoto, ndipo ngakhale nthawi ya chilango itatha, olemba ntchito amakayika kumupatsanso makiyi.

Pali chotsatira china chimene sichioneka ndi maso. Bambo amene adazolowera kudzuka m'bandakucha nkubwera madzulo ndi kathumba m'manja, akakhala pakhomo tsiku lonse amadziona ngati wachabechabe. Manyazi amamuthawitsa pakati pa anzake, ndipo kawirikawiri kumene amathawira ndi ku mowa komwe kuja kudamugwetsa. Mikangano ya m'banja imayambira pamenepo.

M'nyengo yotereyi mumabwera mayesero atatu. Ena amapitiriza kuyendetsa mobisa, usiku kapena m'njira zachidule. Ena amapereka kangachepe kuti nkhani ithere pamsewu. Enanso amafuna chiphaso chachinyengo, poganiza kuti pokhala pa malire akhoza kukhala ndi mapepala a mbali ziwiri. Njira zonsezi zimakulitsa bala. Woyendetsa ali woletsedwa amapalamula mlandu woposa woyamba uja, ndipo akachita ngozi adzavutika kupeza womuikira kumbuyo, ngakhale a inshuwalansi amene. Chiphuphu nacho chimachotsa chilango koma chimasiya khalidwe lija lili chilili, mpaka tsiku limene lidzaphe munthu.

Tiyenera kuvomereza kuti chilangochi, ngakhale chikuwawa, chili ndi chifundo mkati mwake. Lipoti la WHO la 2023 lidaonetsa kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Chiphaso cholandidwa chimabwerera nthawi ikakwana. Mwana wogundidwa pobwera kusukulu sabwerera. Amene waimitsidwa asanaphe munthu wapatsidwa mwayi umene ena adaulakalaka ali m'ndende. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Nanga ife tichitenji? Poyamba, tikamafuna galimoto ya maliro, ya ulendo wa kwaya kapena ya amayi a chigwirizano, tisachite manyazi kufunsa ngati woyendetsa ali ndi chiphaso chogwira ntchito. Tisatenge woletsedwa chifukwa chakuti watchula mtengo wotsika, pakuti potero tikumuika iye ndi okwera onse pa msampha. Chachiwiri, tikakwera galimoto ndipo dalaivala akuthamanga kapena akununkha mowa, tiyankhule pomwepo, ndipo mnzathu akayankhula timuthandize m'malo momuseka. Chachitatu, eni magalimoto aike malipiro ndi nthawi zimene munthu angakwanitse popanda kuswa lamulo kapena kuyenda ndi tulo m'maso. Chachinayi, mbale amene walandidwa chiphaso tisamusale. Timupatse ganyu ya kumunda kapena ya ku dimba, tiyendere banja lake, timulimbikitse kumaliza chilango chake moona mtima. Ngati akuona kuti adalangidwa mosayenera, akadandaule ku ofesi yoyenera ndi makalata ake m'manja, osati kukonza nkhani kuseri.

Bambo uja wa pa chipata tidacheza naye atatula thumba lake. Adatiuza kuti akuwerenga masiku otsala pa kalendala ya pakhoma, ndi kuti chimene chimamusowetsa tulo ndi kukumbukira m'mene adaphonyera pang'ono gulu la ana pa tsiku limene adagwidwa. Ife tidamuuza kuti akadzabwerera pa chiwongolero tidzakwera galimoto yake, ndipo tidzakhala oyamba kumukumbutsa kuti kuthamanga si kufika.

Mpaka mwezi wamawa, yendani bwino.