Mankhwala a ng'ombe si a galu

Galu akayamba kuwonda, ambirife timathamangira kumsika wa Ulongwe kukagula ivermectin osafunsa alangizi a ziweto. Zifukwa zake n'zomveka: wogulitsa ali pafupi, ndipo mankhwala omwewo ndi amene timabayira ng'ombe.

Koma taonani. Ivermectin amatetezadi galu ku nyongolotsi za mumtima, zimene zimafala ndi udzudzu, koma galu amafunika wocepa zedi. Mukam'baya mlingo wa ng'ombe, amanjenjemera, amacita khungu, mwinanso kufa kumene. Komanso mankhwalawa saletsa ciwewe, matenda amene amapha ndi anthu omwe. Ciwewe cimafuna katemera.

Conco musanagule, yambani mwafunsa ku ofesi ya SDAE. Mukataya galuyo, adzakulonderani nkhuku ndi mbuzi usiku ndani?