Mbiri ya ku Khondowe isamathere pa Robert Laws

Mlendo akakwera msewu wa Gorodi n'kufika ku Livingstonia, dzina limene amalimva ndi limodzi basi: Dr. Robert Laws. Amamuonetsa Stone House ndi tchalitchi, n'kumuuza kuti mu 1894 mmishonale wa ku Scotland ameneyu anatsegula sukulu ya Overtoun Institution pa Khondowe, pamene magetsi anayaka mu 1905. Zonsezi n'zoona. Sukuluyi inasula aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri amene anabalalika mpaka ku Joni. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anaphunzira pomwepa.

Vuto ndi lakuti mbiriyi imakambidwa moduladula, ndipo odulidwawo ndi eni dziko.

Charles Domingo anachokera ku Quelimane ali kamnyamata, nakulira pakhomo pa Laws penipeni. Anamaliza maphunziro a ubusa, napatsidwa chilolezo cholalikira, koma zaka zinapita osamudzoza. Pa guwa ankaima, m'kalasi ankaphunzitsa, koma ikafika nthawi ya ubatizo ndi mgonero ankapatuka kuti mzungu agwire ntchitoyo. Mu 1908 anatopa, nachoka. Abusa oyamba achikuda a mishoni ya Livingstonia anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 mishoni itafika kunyanja. Mmodzi mwa iwo, Yesaya Zerenje Mwasi, nayenso anachoka mu 1933 kukayamba mpingo wakewake. Munthu sathawa nyumba imene akumulemekezamo.

Elliot Kamwana anasiya sukuluyi mu 1901, nthawi imene nkhani ya fizi inavuta. Atabwerako ku South Africa mu 1908, anabatiza Atonga zikwizikwi amene anali atatopa kudikira ubatizo m'makalasi a mishoni. Chaka chotsatira boma la atsamunda linamuthamangitsa m'dziko. Wina atha kutsutsana ndi chiphunzitso cha Kamwana, koma funso la mwana wosauka amene wabwezedwa chifukwa cha fizi likadalipo m'sukulu za mipingo mpaka lero.

Ngakhale dzina la sukuluyo lili ndi banga lake. Lord Overtoun, amene anapereka ndalama zoimangira, anali ndi fakitale ya mankhwala ku Rutherglen, pafupi ndi Glasgow. Mu 1899 wandale Keir Hardie anaulula kuti antchito a pafakitaleyo ankagwira ntchito maola 12 patsiku, Lamulungu lomwe, fumbi la mankhwala likuwaboola mphuno, pamene bwanayo ankadzudzula ena kuti akuphwanya Sabata.

Kunena zimenezi si kunyoza Laws, amene anagwira ntchito m'dziko muno zaka zoposa 50. Mpingo umene umauza akhristu kuti aulule machimo awo suyenera kuopa kuulula ake.

Sinodi ya Livingstonia ili ndi yunivesite kuyambira 2003. Iphunzitse ophunzira ake za Domingo, Mwasi ndi Kamwana monga imachitira ndi Laws, ndipo mayina awo alembedwe poonekera pa Khondowe.