Ngumbi za ku Mitundu mu buledi wa ku Italy

Mvula yoyamba itangogwa, azakhali anga a ku Mitundu ananditumizira kajumbo kodzadza ndi ngumbi zokazinga kale. Mnzanga amene ndimachita naye lendi kuno ku Likuni anangoti, "Aise, digiri yonseyo ukadali pa ngumbi?" Ndinaseka, koma mawuwo anandikhala. Ambirife tikangolawa moyo wa m'tauni timayamba kudya ngumbi mobisa, ngati takuba, chonsecho nyama ya ng'ombe timaiona pakutha pa mwezi basi.

Kunja anthu akuzithamangira. Mu 2013 bungwe la FAO linatulutsa lipoti loti anthu pafupifupi 2 biliyoni amadya tizilombo, ndipo mitundu yodyedwa imaposa 1,900. Ku Ulaya analoleza ufa wa nkhululu m'zakudya, moti mu 2023 boma la Italy linachita kukhazikitsa malamulo oti zakudya zotere zizilembedwa poyera pa paketi ndi kuikidwa pa shelefu yakeyake. Iwo akukangana za shelefu, ife chulu chili kuseri kwa nyumba ndipo sichifuna madeya kapena msipu.

Ndiye ndinati ndiyese focaccia, buledi wafulati wotchuka ku Genoa, wokhala ndi timaenje tobowola ndi zala pamwamba.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa ndekha. Ndinasakaniza theka ngumbi, theka fulawa, poganiza kuti zikachuluka ndiye thanzi. Chimene chinatuluka mu mphika ndi njerwa yakuda. Chifukwa chake n'chakuti tirigu ali ndi gluten, amene amatanuka n'kugwira mpweya wa yisiti kuti buledi afufume. Ngumbi zilibe zimenezo. Zili ndi mapuloteni ndi mafuta ambiri, ndipo mafutawo ndi amene amachititsa kuti mukazisinja nthawi yaitali zisanduke chiponde m'malo mwa ufa.

Ulendo wachiwiri ndinachita chonchi. Ngumbi ndinazipeta kuchotsa mapiko otsalira ndi mchenga (mchengawu musauderere, dzino limodzi likakumana nawo buledi yense mumuda), n'kuzikazinganso pa moto wochepa mpaka zitauma gwa. Posinja ndinathiramo supuni ziwiri za fulawa kuti zimwe mafuta, kenako n'kusefa. Pa makapu anayi a fulawa ndinaika theka la kapu ya ufa wa ngumbi, tiyisupuni ziwiri za yisiti, imodzi ya mchere, ndi madzi ofunda pafupifupi makapu awiri. Ngati ngumbi zanu anazithira kale mchere, chepetsani wanu. Zosakanizazo zizikhala zofewa, zomata m'manja; musawonjezere fulawa chifukwa cha mantha. Vundikirani kwa ola limodzi ndi theka, kapena mpaka zitafufuma kawiri.

Ku Italy amathira mafuta a olive, koma mtengo wake m'mashopu a mu Lilongwe ungakudwalitseni. Ine ndinapaka mafuta ophikira wamba mu mphika waukulu, n'kuyala zosakanizazo, kubowola ndi zala, pamwamba n'kuika anyezi ndi tomato. Uvuni ndilibe. Ndinaphika ngati chigumu: makala ochepa pa mbaula, ambiri pa chivundikiro, mphindi pafupifupi 25. Anatuluka wofiirira, wofewa m'kati, fungo lake ngati la mtedza wokazinga.

Pali zofunika kusamala. Funsani kumene ngumbizo zachokera, chifukwa ena amathira mankhwala pa chulu pofuna kupha chiswe, ndipo za pa chulu chotero si zodya. Amene thupi lawo limadana ndi nkhanu akhoza kutuluka ziwengo akadya tizilombo, choncho musamupatse munthu osamuuza zimene mwaikamo. Ufawo sinjani wokwanira tsiku lomwelo, popeza mafuta ake sachedwa kununkha.

Sindikunamizani kuti theka la kapu lingalowe m'malo mwa ndiwo. Koma kwa mwana amene amapita kusukulu atangomwa tiyi ndi buledi woyera, kusiyana kulipo. Nzeru yake ndi yomwe ija ya Likuni Phala, yolimbitsa ufa wa chimanga ndi soya.

Loweruka ndinakwera minibasi kukawapatsa azakhali chidutswa. Anatafuna mwakachetechete, kenako anati, "Chikukoma, mwanawe. Koma ndiwo zabwinobwino n'kuzisinja?" Anatenganso china n'kusungira amalume. Mnzanga wa digiri uja anali atadya kale zidutswa zitatu, akudziwa bwinobwino zimene zinalimo.