Malayiti akutithobwadi m'maso, koma magalasi achikasuwa si mankhwala ake

Mawotchi akangobwezedwa m'mbuyo kumapeto kwa October, nkhani za pa tiyi kuntchito kwathu zimasintha. Za mtengo wa chimanga kumudzi ndi za kwacha zimayamba zaima kaye, aliyense n'kumadandaula za malayiti a galimoto. Ine ndikagwira tsiku lalitali ndimaweruka 8 koloko usiku, ndipo njira yobwerera kunyumba ili ndi mamailosi angapo opanda magetsi a mumsewu. Ndikakumana ndi zigalimoto zazitali zija m'maso mumangoti mbee, masekondi awiri atatu ndikuyendetsa mwachikhulupiriro basi.

Tsiku lina achemwali ena a ku Mulanje, omwe amasamalira okalamba khomo ndi khomo, anandionetsa mankhwala awo a vutoli: magalasi achikasu ogula pa intaneti, mapaundi 12. "Anesi, awa ndiye eniake, usiku ukumaoneka ngati masana." Anali atagula awiri, enawo oti atumizire alongo awo oyendetsa minibasi ya Limbe-Muloza. Ndinawavala pamalo oimika magalimoto pomwepo. Kunena zoona m'maso munazizira, dziko linaoneka lokoma. Koma munthu amene amadutsa cha kugeti atavala jekete lakuda anali wakudabe ngati kale, mwinanso kuposa.

Choyamba tivomereze kuti vutoli ndi lenileni, si ukalamba kapena mantha a ife obwera ayi. Bungwe la RAC litafunsa oyendetsa galimoto kuno ku Britain, linalengeza mu January 2024 kuti 89 mwa anthu 100 alionse amaona kuti malayiti a magalimoto ena akuwala mopyola muyeso. Anthu atasainira chikalata chodandaula, unduna wa zamtengatenga unavomera chaka chomwecho kuti pachitike kafukufuku, ndipo ntchitoyo inapatsidwa kwa a TRL. Lipoti lawo linatuluka mu November 2025, n'kutsimikiza zomwe madalaivala amanena kale: kuthobwa m'maso kulipo, ndipo kumakula ukamakwera mtunda kapena pokhota.

Zifukwa zake n'zosabisika. Magalimoto atsopano ali ndi malayiti a LED, owala moyera mopita ku buluu, pomwe mababu akale a halogen amawala mofiirira. Kuwala kwa LED kumachokera pa kamalo kakang'ono, ndiye kamabaya diso ngati tochi. Komanso anthu akugula magalimoto aatali a SUV, omwe malayiti ake amafika ndendende pankhope ya amene wakhala mu ka Yaris kapena ka Jazz. Ndipo okhala mu ka Yaris ndi ndani? Ndife, a mashifiti, odelivala zakudya, othamangira kwa gogo wa 9 koloko usiku kumudzi wopanda ndi nyale imodzi yomwe.

Ndiye wogulitsa waona msika. Koma galasi silisankha, abale. Silidziwa kuti kuwala uku n'kwa layiti ya lole, uku n'kochokera pa jekete la mwana amene akuwoloka msewu. Likadula, limadula zonse. Layiti ya lole ija ngakhale muichepetse pang'ono idakali yowala koopsa, pomwe mwana uja, amene mumamuona movutikira kale, ndi amene akuzimiririka. Usiku chimene chimapha si chimene chikuwala, koma chimene simunachione.

Izi zinayesedwa. Mu 2019 akatswiri a Schepens Eye Research Institute ku Boston anatulutsa zotsatira mu magazini ya JAMA Ophthalmology. Anaika anthu 22 pa makina oyerekezera kuyendetsa galimoto usiku, okhala ndi kuwala kothobwa m'maso ngati kwa mumsewu, n'kuwaveka mitundu itatu ya magalasi achikasu komanso magalasi oyera. Achikasuwo sanathandize kuona munthu woyenda pansi msanga. Ndipo nkhaniyi ndi yakalekale: mu 1997 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linatengera kale kampani ina pa mlandu chifukwa chonena kuti magalasi ake amachititsa kuyendetsa usiku kukhala kotetezeka popanda umboni. Kuno Highway Code, pa lamulo 94, imaletsa kuvala magalasi a mtundu usiku ngati akukuchepetserani kuona, ndipo muyeso wa opanga magalasi umati galasi lolowetsa kuwala kosafika 75 peresenti si loyendetsera usiku. A mapaundi 12 aja anabwera mu kapulasitiki kopanda ndi kapepala komwe konena kuti amalowetsa kuwala kochuluka bwanji.

Sindikunena kuti achemwali aja amanama. Amamvadi bwino. Koma kumva bwino ndi kuona bwino n'zinthu ziwiri, ndipo apa ndi pamene unesi wanga umandipatsa mantha. Zili ngati kumwa Panado tsiku ndi tsiku pa mutu wa BP. Munthu amene malayiti akumuvuta kuposa anzake nthawi zambiri diso lake likumuuza kanthu. Mwina ng'ala yayamba, ndipo ng'ala imamwaza kuwala m'kati mwa diso, layiti iliyonse n'kumaoneka ngati yazunguliridwa ndi utsi. Kwa a shuga ng'ala imabwera msanga, siidikira imvi. Mwina ndi astigmatism, kupindika kwa galasi la diso kumene kumachititsa malayiti kuoneka ngati ali ndi michira. Mwina ndi kuuma kwa maso chabe, pambuyo pa maola 12 m'wodi yotentha ndi mahita. Palinso glaucoma, imene imagwira kwambiri ife akuda ndiponso imatiyamba tikadali achichepere kusiyana ndi azungu. Iyi siipweteka, imangodya kuona kwa m'mbali mwakachetechete, mbali yomweyo imene wa njinga amatulukira.

Nanga bwanji sitipita kokayezetsa? Ndalama ndi chifukwa chaching'ono. Ine ndinalipira mapaundi 25, ndipo a shuga, a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndi a zaka 40 omwe kholo, m'bale wa bere limodzi kapena mwana wawo ali ndi glaucoma amayezedwa ulere pa NHS. Ku Scotland ndi ulere kwa onse okhala kumeneko. Chifukwa chenicheni, chimene timanong'onezana, ndi laisensi. Kwa ambiri aife laisensi ndi ntchito, ntchito ndi viza, viza ndi fizi ya ana anayi kumudzi. Munthu amaopa kuti akangokhala pa mpando wa woyeza maso, mawa a DVLA alemba kalata. Mantha amenewa ndimawamvetsa, sindiwaseka. Koma lamulo limafuna kuti muziwerenga nambala ya galimoto muli pa mamita 20, ndipo kuwerenga mutavala magalasi n'kololedwa. Ambiri amatuluka m'chipinda chija ndi kapepala ka magalasi basi. Matenda oti muwauze a DVLA alipo, monga glaucoma ya maso onse awiri, ndipo kubisa kungakulipiritseni mpaka mapaundi 1,000. Mukachita ngozi muli chibisire, ndiye kumakhala kukhoti, a inshuwalansi nawonso atakufulatirani. Glaucoma ikapezeka msanga, mankhwala odonthezera amasunga diso ndi laisensi yomwe.

Ngati mumavala kale magalasi, pemphani oyera okhala ndi anti-reflective coating. Amenewa sadula kuwala, amangochepetsa kunyezimira kwa pa galasi lenilenilo.

Kwinaku nafenso tikuthobwa anzathu. Tikadzaza buti ndi katundu wopita ku kontena, kumbuyo n'kukhalanso anthu atatu, galimoto imadzutsa mphuno ndipo malayiti amaloza kumaso kwa anthu. Kagudumu kakang'ono ka manambala 0, 1, 2, 3 kamene kali pafupi ndi chiwongolero ntchito yake ndi kuwatsitsa. Ine ndinayendetsa zaka ziwiri ndikuganiza kuti n'ka wailesi. Achinyamata oika mababu a LED m'malayiti opangidwira halogen adziwe kuti kuyambira 2021 zimenezo zimalepheretsa MOT. Galasi lakutsogolo tizipukuta ndi m'kati momwe, chifukwa kautsi kamafuta kamene kamamata pamenepo kamamwaza kuwala ngati ng'ala. Wina akakuthobwani, yang'anani mzere wa kumanzere kwa msewu, chepetsani liwiro, ndipo lamulo 115 limalola ngakhale kuima kumene.

Boma lati kuyambira September 2027 magalimoto atsopano azikhala ndi malayiti odziwongola okha malinga ndi katundu. N'zabwino, koma ife timagula a 2012, ndiye zimenezo zidzatipeza mochedwa.

Achemwali aja ndinawakakamiza mpaka anapita. Anawapeza ndi astigmatism m'maso onse awiri, ng'ala palibe, laisensi ili m'thumba. Pano akuvala magalasi oyera, akuti malayiti akuwalabe koma michira ija inatha. Ndinawapempha kuti ena aja asatumize, poti msewu wa Thyolo usiku ndi wa akabaza opanda nyale, anthu ochokera kumsika wa Bvumbwe ndi nkhungu ya chiperoni. Anandiyang'ana, n'kuseka mwamanyazi: anapita kale ndi munthu wa ndege, ndipo alongo awowo akufunsa ngati angapeze ena asanu a anzawo pa siteji.